Laundi Yoyamba ya a Julio Zuze

Mukatsika basi pa siteji ya Minga n'kulowa mseu wa ku mishoni, simuyenda kwambili musanamve fungo la matabwa a mukwa. Pamenepo ndi pa a Julio Zuze, kalipentala. Ndi bambo wamfupi, wa dazi lowala ngati amalipaka vanishi, ndipo pensulo siichoka kukhutu kwawo ngakhale pa Misa. Amakhoma zitseko, mipando, mabokosi a malilo, ndi mabedi amene iwo amati salila, ngakhale oyandikana nyumba ndi ogula mabediwo amakamba zina.

Koma mbili yawo kuyambila ku Nyimba mpaka ku Petauke si ya matabwa ayi. A Julio amadziwika kuti ndi munthu amene anamenya nkhondo ya pa tebulo zaka zisanu zathunthu osaluzapo. Nkhani imeneyi ankaifotokoza okha kwa aliyense wobwela kudzayezetsa chitseko. Chimene ankaiwala kuwonjezela n'chakuti pa zaka zisanuzo sanawineponso.

Anabwela ku Zambia mu 1987 kuthawa nkhondo ya ku Mozambique, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, shati imodzi ndi kabudula. Ukalipentala anauphunzilila ku msasa wa othawa nkhondo ku Ukwimi, ndipo n'komweko kumene anapeza amai Margarida, pa mzele wolandila nyemba. Nkhondo itatha, malole anabwela kudzatenga anthu kuti abwelele kwawo. A Julio anapita kukawaona malolewo, anayang'ana matayala, anafunsa dalaivala ngati mseu uli bwino, n'kunena kuti, "Tione kaye." Lole yomaliza inanyamuka iwo akuonabe. Amai Margarida amati ndi ukwati wawo zinalinso chimodzimodzi. Zaka ziwili a Julio ankabwela kwa makolo awo kudzakonza mpando umodzi womwewo, mpaka amaiwo anatopa n'kufunsa okha ngati pali nkhani ina kupatula mpando.

Nkhondo ya pa tebulo inabwela ndi a Likando Sitali, mphunzitsi wa masamu wochokela ku Mongu, amene boma linawatumiza kuno mu 2019. Anali munthu wamtali, wofatsa, wa magalasi, ndipo anali ndi buku la malamulo a sewelo la tiasilikali limene analipeza pa intaneti n'kulisindikiza lonse. Tiasilikali take timagulitsidwa kunja. M'masitolo a ku Petauke mukafunsa amakuonetsani zidole za ana. A Sitali anayesa kusewela ndi zotsekela mabotolo, koma chotsekela botolo sichidziwika kumene chayang'ana. Ndiye tsiku lina anatulukila pa shedi ya a Julio.

"Bambo, kodi mungaseme anthu?"

"A msinkhu wanji? Ngati ndi oyela a m'tchalitchi, yambani mwaonana ndi abambo mfumu."

"Awe, tating'ono chabe. Monga chala ichi. Ndifuna makumi awili ndi anayi."

A Julio anachotsa pensulo kukhutu, anamuyang'ana mlendoyo kuyambila nsapato mpaka magalasi. "Mufuna kulodza ndani, a Pulofesolo?"

Mphunzitsi aliyense a Julio amamutchula Pulofesolo, monga ankachitila kwawo.

Anawasema ndi zidutswa za mukwa zotsala pa zitseko. Khumi ndi awili oyamba anatha pa masiku anayi, onse nkhope imodzi ngati obadwa mimba imodzi. Khumi ndi awili enawo anatenga mwezi, chifukwa dzanja linayamba kuchita zake. Uyu anatuluka ndi makutu aakulu, uyu ndi linunda, wina ndi mimba ya munthu wokonda kachasu. Anali anthu a kumudzi kwawo kutsidya la malile. Ndipo panali mmodzi amene anadya sabata yonse yekha: wamtali, wowonda, chipewa chopendekeka, ndi kampata kakang'ono pakati pa mano.

Ameneyo anali Febian, mkulu wawo wa a Julio, amene sanawoloke nawo malile ndipo sanamvekenso. Chithunzi chake kulibe paliponse. Nkhope yake inatsala m'mutu mwa mng'ono wake mokha, ndipo tsopano pa kamtengo aka. Amai Margarida anauza amai anzawo awili pa mjigo, mwachinsinsi, kotelo pofika madzulo dela lonse linali litamva. Amene sanamve anali a Sitali okha, paja aphunzitsi ochokela kutali nkhani za m'mudzi zimawadutsa pambali.

A Sitali atabwela kudzatenga katundu wawo, a Julio anatseka bokosi.

"Anthu awa sachoka pano. Mukafuna nkhondo, muzibwela nayo kuno."

Ndi mmene zinayambila. Tebulo linali chitseko chimene mwini wake anachikana chifukwa khomo la nyumba yake linali lokhota. Anachigoneka pa madilamu awili pansi pa mtengo wa mango. Mapili anawaumba ndi dothi la pachulu, mtsinje unali kansalu kabuluu kong'ambidwa ku chitenje chakale cha amai Margarida, nyumba zinali mabokosi a machesi. Osewela awili amasinthana, aliyense kusuntha msilikali mmodzi, mtunda n'kuyeza ndi tepi ya ukalipentala. Wofuna kuwombela amaponya dayisi, ndipo ikagwa pa faifi kapena sikisi, wowombeledwayo amagonekedwa pansi. Asilikali onse akasuntha kamodzikamodzi, laundi yatha, iyambe ina.

A Sitali ankawelenga malamulo m'Chizungu n'kumamasulila. A Julio ankamvetsela ndi nkhope ya kalipentala amene wapatsidwa mpando wa kalipentala mnzake kuti auone, ndipo sanachedwe kupeza miyendo yogwedela.

"Buku likuti," anatelo a Sitali, "m'laundi yoyamba msilikali amene sanasunthe sawombeledwa. Cholinga chake, woyamba kusewela asamalize mnzake asanatukule mwendo."

"Buku lanu n'lochepa mtima. Laundi yoyamba safa munthu, wosuntha kaya wosasuntha. Ndi m'mawa umenewo. Anthu asambe kaye kumaso."

A Sitali anaona kuti palibe choipa, analemba ndi bolopeni m'mbali mwa tsamba. Anafika pa lamulo lodumphitsa. Buku linkati wosewela amene watsala ndi asilikali ochepa angalole mnzake kusunthanso, iye osasuntha.

"Ochepa kapena ambili, aliyense adumphitse akafuna," anatelo a Julio. "Kodi munthu amamukakamiza kuyenda?"

"Ku nkhondo ndiye ntchito yake imeneyo, bambo."

"Osati pa chitseko changa."

Wodumphitsa anayenela kugogoda patebulo. Popeza tebulolo linali chitseko, oonelela anayamba kuyankha onse pamodzi kuti, "Lowani!" ndipo mwambo umenewo ulipo mpaka lelo.

Lamulo lina linabwela pambuyo, chifukwa cha a Bonaventure Lungu, wokonza njinga. Bambo ameneyu amaganiza ndi zala, ndipo zala zake sizichoka gilisi. Ankanyamula msilikali, kumutembenuza, kumubwezela, kunyamula wina, mpaka gulu lonse linkaoneka ngati lachokela ku mgodi wa malasha. A Julio analamula kuti amene wagwila msilikali wake, msilikaliyo asunthe, afune asafune. Lamulo limeneli linawaphela a Bonaventure anthu ambili, ndipo a Julio ankalisunga mosayang'ana nkhope.

Anthu ankasonkhana pa Chiwelu masana, ntchito zitatha. Amai Beenzu, mlangizi wa zaulimi wochokela ku Monze, amene amayenda pa njinga yamoto ndipo saopa munthu, anadziika okha kukhala woweluza. Palibe mmodzi wa iwo, ngakhale mphunzitsi wa masamu, anaona chibowo chimene chinali pakati pa malamulowa mpaka tsiku limene mwini chitseko anakhala pansi kusewela.

A Julio anasuntha wa makutu aakulu. Anasuntha wa linunda. Anasuntha onse khumi ndi mmodzi bwinobwino, tepi m'manja, lilime panja. Anatsala Febian, ataima kuseli kwa bokosi la machesi. A Sitali anali atasuntha awo onse, akudikila laundi yachiwili, dayisi ili kale m'manja. A Julio anapinda chala. Go, go.

"Lowani!"

"Sunthani uyo ali kuseli kwa nyumba, bambo, laundi ithe."

"Sanakonzeke."

"Akonzeka liti?"

"Akakonzeka adzanena." Go, go.

A Sitali anatsegula buku. Laundi siitha msilikali wina asanasunthe. Kudumphitsa kulibe malile, zinali zolembedwa ndi bolopeni yawo yomwe. Ndipo m'laundi yoyamba safa munthu. Anavula magalasi, anawapukuta, anawelenganso. Masamu ake anali oona mbali zonse. Anakhala choncho mpaka dzuwa linafiila, amai Margarida n'kuitana amuna awo kuti madzi osamba akuzizila.

"Sindinaluze," anatelo a Julio akulongedza anthu awo m'bokosi.

Anthu anayesa zambili. A Bonaventure tsiku lina anabwela ndi buledi ndi botolo la munkoyo, n'kulumbila kuti sachoka mpaka laundi yachiwili. Anakhala maola asanu, chikhodzodzo n'chimene chinawagonjetsa. Amai Beenzu anaitanitsa voti kuti kugogoda kuzikhala katatu basi. Manja onse anakwela m'mwamba. A Julio anati voti ndi chinthu chabwino kwambili, n'kuyamba kutola asilikali mmodzimmodzi kuwaika m'bokosi. Manja onse anatsika.

Kuyambila pamenepo zinthu zinakhazikika. Ena ankayamba kusewela nkhondo zenizeni, zogonekana ndi kutukwanana. Sewelo lomaliza linali la mwini chitseko, ndipo anthu ankaligwilitsa ntchito ngati nthawi ya nkhani: feteleza wachedwa, mwana wa uje wabwela ku Lusaka ndi mimba, ng'ombe za ku Msanzala zikudwala. Pakatipakati kunkamveka go, go, wina n'kuyankha "Lowani" osatembenuka n'komwe. Ena ankati a Julio ndi amantha. Ena ankati ndi ochenjela kuposa mzungu amene analemba bukulo. Amene ankadziwa za Febian sankanena kanthu pamaso pawo, ankakanena kunyumba.

Mu Ogasiti chaka cha 2024 kalata ya tilansifa inawapeza a Sitali. Ankabwelela kwawo ku Mongu, lole ya katundu inali yobwela pa Mande. Pa Chiwelu chomaliza anthu anachuluka pansi pa mango, ena anabwela ndi mipando yawo. Amai Margarida anakhala chapatali pa mphasa akuswa nshawa.

"Pitani, pitani, mukadye nsomba zanu," anatelo amai Beenzu. Iwo ndi Mtonga, a Sitali ndi Mlozi, ndipo Atonga ndi Alozi ndi a chimbuya, amanyozana popanda mlandu. "Zaka zisanu kuno, ngakhale mbuzi imodzi simunawete. Ana mwawaphunzitsa masamu, koma kalipentala wakulepheletsani kuwelenga kufika pa thu."

"Amai, inu njinga ija mukaisiya ng'ombe za kuno zidzayamba kugona tulo," anayankha a Sitali. Kenaka anatembenukila kwa a Julio. "Bambo Zuze, lelo ndifuna inu. Ndipo ndili ndi pempho. Ndikawina, mundipatse msilikali mmodzi ndipite naye kwathu, ndizikumbukila chitseko ichi."

A Julio anaseka mpaka pensulo inagwa. "Mukawina? Tengani amene mufuna, a Pulofesolo."

"Pamaso pa anthu?"

"Pamaso pa anthu."

"Ndiye ndifuna waulesi uja. Wosasuntha uja wa chipewa."

Nshawa zinaleka kulila pa mphasa. A Bonaventure anayamba kuyang'ana zikhadabo zawo. A Sitali anaseka okha, osadziwa kuti apempha chiyani. A Julio anatola pensulo, anaibwezela kukhutu. Mau anali atatuluka kale, komanso panalibe choopa. Munthu wodziwa kugogoda angaluze bwanji?

Sewelo linayenda monga mwa masiku onse. Khumi ndi mmodzi anasuntha, wa khumi ndi chiwili anatsala kuseli kwa nyumba yake ya machesi. Go, go. Lowani. Linapita ola. A Sitali analibe changu, katundu wawo anali womangamanga kale, ndipo analibenso chiwembu chilichonse. Anangotsamila pa chitseko n'kumuyang'ana msilikali uja kwa nthawi yaitali.

"Koma mudala, ndisanapite ndiuzeniko chinthu chimodzi. Uyu munamusema bwino kuposa onse. Mano omwe ali nawo. Nanga bwanji ndiye amene sagwila ntchito?"

Funso limeneli palibe anali atawafunsapo a Julio, chifukwa aliyense ankayesa kuti yankho akulidziwa kale. Mwina n'chifukwa chake anayankha.

"Uyu ndi Febian, mkulu wanga," anatelo. "Tsiku lija kunali kusanache bwino. Amai anali atapita kumtsinje. Mfuti zinayambila kumunsi kwa mudzi. Iye anandikankha pa khomo la kumbuyo, akuti tsogola iwe, ine ndidikila amai kuseli kwa nyumba, tikupeza pa mkuyu wa pa dambo. Pa mkuyupo ndinakhala masiku awili. Lachitatu anthu a mudzi wina anandikoka pa dzanja." Analoza kamsilikaliko ndi pensulo. "Anali munthu wa nthabwala, a Pulofesolo, osati ngati ine. Mpata uwu wa m'mano si wobadwa nawo ayi. Anagwa mu mtengo wa mango a mfumu akuthawa galu, n'kukauza amai kuti wamenyedwa ndi mwini galu. Taonani apa, ndinayesa kuonetsa kuti dzino lina linabenthuka pang'ono."

Anatambasula dzanja, anamunyamula Febian kuseli kwa bokosi la machesi, n'kumufikitsa pafupi ndi magalasi a a Sitali.

A Bonaventure, amene lamulo logwila linawazunza zaka zisanu, anatsegula pakamwa, koma nsapato ya amai Beenzu inatela pa phazi lawo ndipo pakamwapo panatsekeka.

"Ine sindinaone kanthu," anatelo a Sitali mwamsanga. "Magalasi awa atha mphamvu."

"Woweluza anali kuyang'ana nkhuku," anatelo amai Beenzu.

A Julio anayang'ana dzanja lawo ngati ndi la munthu wina. "Ndamugwila."

"Awe mudala, munali kundionetsa chabe."

"Ndamugwila. A Bonaventure, pa lamulo ili ndinakuphelani anthu angati?"

"Sindinawelenge, bambo," anayankha a Bonaventure motsitsa mau. Kenaka choonadi chinawakanika kusunga. "Makumi anayi ndi atatu."

A Julio anatambasula tepi, anayeza mainchesi anayi kuchokela pa bokosi la machesi, n'kumuimika Febian poyela, pafupi ndi mtsinje wa chitenje. Laundi yoyamba inatha. Anakweza mutu, anayang'ana anthu onse.

"Manje amatani?"

Munthu wosagonja wa dela lonse sankadziwa mmene laundi yachiwili imayambila. Zaka zonsezi ena akamasewela iye ankakhala ku shedi akupala matabwa, diso lili pa zala za a Bonaventure zokha. Amai Beenzu anawaika dayisi m'manja n'kuwafotokozela ngati mmene amafotokozela alimi za mbewu yatsopano.

A Sitali anayesetsa kuluza, ndipo aliyense anaona. Asilikali awo anayamba kulowa mumtsinje popanda chifukwa, ena kufulatila adani. Itafika nthawi yowombela, anapinda chala n'kugogoda. Palibe anayankha kuti lowani.

"Mukundimvela chisoni pa chitseko changa?" anatelo a Julio. "Mukagogodanso, Febian ndimuika m'thumba mwanu pompano, sewelo lithele pomwepo. Ponyani."

A Sitali anaponya. Bambo ameneyu ankadziwika kuti dayisi imamuda, zaka zisanu ankangoponya wani ndi thu. Tsiku limenelo inagwa sikisi. Wa makutu aakulu anagona. Anaponyanso mofooka, ngati akutaya chinthu chonunkha. Faifi. Wa linunda anagona. A Julio akaponya, dayisi inkadumpha chitseko n'kukalowa m'mapalo a matabwa, anthu n'kumaifunafuna chogwada, ndipo ikapezeka inali pa wani.

Sikisi ya a Julio inabwela kamodzi kokha, ndipo anali Febian amene ankawombela. Msilikali wa a Sitali atagonekedwa, a Julio analumpha, anagunda dilamu ndi bondo, mapili a dothi n'kugwedezeka, akufuula m'chilankhulo cha kwawo mau amene amai Margarida anakana kutimasulila. Kuponya kotsatila kwa a Sitali kunamugoneka Febian chafufumimba m'mbali mwa mtsinje. Theka la ola lisanakwane, anthu onse a ku mudzi wa a Julio anali pansi.

A Sitali anakhala ngati munthu amene wagunda mbuzi ya eni ake ndi njinga yobweleka. Anatambasula dzanja n'kutola wa makutu aakulu. "Ndasintha maganizo. Uyu ndiye wandikondweletsa. Akufanana ndi amai Beenzu."

Amai Beenzu sanabwezele, ndipo chimenecho chinali chachilendo kuposa sikisi zija.

"Pamaso pa anthu munatchula ndani?" anafunsa a Julio.

"Sindinali kudziwa, bambo."

"Inenso pa kuvomela ndinali kudziwa zambili?"

Amai Margarida anaimilila pa mphasa, makoko a nshawa akugwa pa chitenje. "Atate ake Keziah, musachite zinthu za mutu wouma. Semani wina wa chipewa muwapatse. Iwo akadziwa bwanji?"

"Ndidziwa ine."

A Sitali anaika wa makutu uja pansi, anagwilana chanza ndi aliyense, n'kuchoka chimanjamanja, akuyenda mofulumila ngati wina awathamangila. Anthu anabalalika akuganiza kuti nkhani yathela pamenepo, ndipo ambili anati yatha bwino.

Pa Sondo, anthu akupita ku Misa yachiwili, ku shedi ya a Julio kunkamveka sowo. A katekisiti anaima pamseu, anamvetsela, anapukusa mutu n'kupitilila. Pa Mande m'mawa, lole ili pakhomo pa a Sitali, matilesi atamangidwa kale pamwamba, a Julio anatulukila atavala jekete la ku malilo ndi ku maukwati. M'manja anali ndi kabokosi ka mukwa, kotalika ngati chikhatho, ka chivundikilo chotsetseleka, kopanda msomali ngakhale umodzi.

"Bambo Zuze, chonde. Ine sindingathe."

"Mafuta ophikila pang'ono pa kansalu, kamodzi pa chaka. Pa dzuwa ayi, angang'ambike. Kwanu kuli chiswe?"

"Kuli mchenga chabe. Koma mudala, mvelani."

"Ndipo musamuike kuseli kwa chinthu. Kuseli kwa wailesi, kuseli kwa mabuku, ayi. Aime pa windo, aziona anthu akupita." Anawakankhila kabokosiko pa chifuwa. "Munthu uyu sanakwelepo galimoto. Mukafika pa mlatho wa Luangwa mutsegule, aoneko madzi."

A Sitali analandila ndi manja awili. Magalasi anachita nthunzi. Amai Beenzu, amene anabwela pa njinga yawo kudzatsanzika, anati sanaonepo Mlozi akulila pamalo opanda nsomba, koma nawonso anatsitsa galasi la chisoti chawo msanga. Lole inanyamuka. A Julio anaiyang'ana mpaka inakhota pa mseu waukulu, kenaka anabwelela ku shedi n'kukamalizitsa chitseko cha munthu wa ku Nyalugwe.

Wa khumi ndi chiwili sanasemedwenso. Amai Margarida akuti posesa m'shedi anapeza timitu titatu tosamaliza m'mapalo a matabwa, tonse ta chipewa chopendekeka, koma nkhope zake za anthu osadziwika. Kamodzi kanali ndi dazi. Anatisunga m'chitini cha tiyi, ndipo anauzako amai anzawo awili okha pa mjigo.

Masiku ano a Julio amasewela ndi anthu khumi ndi mmodzi, ndipo amaluza Chiwelu chilichonse. Palibe wosewela woipa ngati iwo kuyambila ku Nyimba mpaka ku Petauke. Amathamangitsa gulu lonse kutsogolo ngati ana otuluka m'kalasi, amaiwala kubisala kuseli kwa mapili, ndipo akagonja amati dayisi inasemedwa mokhota, chonsecho anaisema okha. A Bonaventure anawagonjetsa kasanu motsatizana ndipo ananenepa. Lamulo lakuti m'laundi yoyamba safa munthu likadalipo, koma laundiyo tsopano imatha madzi a tiyi asanawile.

Mwezi watha kunabwela mphunzitsi watsopano wa masamu, a Mulako, mtsikana wa ku Senanga amene sakonda zinthu zosakwanila. Anakhala pa chitseko, anawelenga asilikali ake, anawelenga a mwini nyumba, anawelenganso.

"Bambo, anu ndi ileveni. Wina wagwa pansi?"

"Ali ku Mongu."

"Ku Mongu? Akuchitako chiyani?"

"Akuona anthu," anatelo a Julio akupukusa dayisi m'manja awili pafupi ndi khutu. "Sunthani, a Pulofesolo, dzuwa likupita. Lelo ndikumalizani."

A Mulako anawagoneka onse khumi ndi mmodzi laundi yachitatu isanathe.